Lipoti la ntchito: makabati awiri a magemu ku Ulongwe ndi chomwe chinkachedwetsa Tekken 3

Ndimakonza makompyuta ndi mafoni kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Lipoti ili ndi la ntchito yomwe ndinagwira chakumapeto kwa Okutobala pa baraka ina ya pafupi ndi msika, pomwe pali makabati awiri oseweretsa magemu akale a arcade. Ndalilemba mwatsatanetsatane chifukwa anzanga a ntchito ya ngati yangayi ku Tsangano, ku Furancungo ndi ku Zóbuè ayamba kulandira makina oterewa, ndipo eni ake ambiri amafika kwa ife atataya kale ndalama pa zida zomwe sizikanathetsa vuto lawo.

Makabatiwo anakhoma kalipentala wa konkuno. Iliyonse ndi bokosi la matabwa lofika m'mapewa, TV pamwamba, ndodo ziwiri zoseweretsa ndi mabatani 6 mbali iliyonse, kompyuta ili mkati kumunsi. Anyamata amapereka mametikali achitsulo kwa mwana wa mwini baraka, iye n'kudina batani lolowetsa mwayi wosewera.

Mwiniwakeyo anandiuza dandaulo lake motere: "Mesitiri, makinawa andidyera ndalama. Anandiuza kuti ndigule khadi la zithunzi, ndinagula. Anati RAM yachepa, ndinawonjezera. Koma Tekken ikukokabe miyendo, ndipo kabati inayo anyamata akuti ukamenya chibakera chimatuluka mochedwa. Tchuthi cha ana asukulu chayandikira. Ndigulenso chiyani?"

Ndinawayankha kuti, "Achimwene, musagule kanthu kaye. Tiyeze."

Zomwe zinali m'makabatiwo

Kabati yoyamba inali ndi kompyuta ya Pentium Dual-Core E2160, purosesa ya mu 2007 yothamanga pa 1.8 GHz, ma core awiri (mitu iwiri yogwira ntchito mkati mwa purosesa), pa bodi ya G31. RAM anali atakweza kufika 4 GB, khadi la zithunzi latsopano la 2 GB, hadi disiki yakale, Windows, ndi MAME ya zaka zaposachedwa, yomwe ndi emyuleta, kutanthauza pulogalamu yotsanzira makina akale a arcade pa kompyuta. Apa ndi pomwe ankafuna Tekken 3 ndi Street Fighter III.

Kabati yachiwiri inali ndi laputopu yosweka sikirini, ya Celeron N3060 ya mu 2016, yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI ku TV ya mainchi 32. Inkaseweretsa The King of Fighters '98, Metal Slug, Metal Slug 2, Street Fighter II ndi Mortal Kombat.

Chinthu choyamba chomwe ndimachita pa MAME ndi kudina F11. Pakona ya sikirini pamatuluka nambala yosonyeza liwiro lomwe gemu ikuyendera poyerekeza ndi makina ake enieni. Ikakhala 100% ndiye kuti zili bwino. Pa kabati yoyamba, King of Fighters inakhazikika pa 100% osagwedezeka. Street Fighter III inkagwira 100% koma n'kumatsika pakachuluka zochitika. Tekken 3 sinkayandikira n'komwe, ndipo mawu ankaduka-duka, chifukwa MAME ikalephera kumaliza ntchito ya chithunzi chimodzi pa nthawi yake, mawu nawo amasowa pakati.

Nambala ya F11 ili ndi malire ake: siipitirira 100% chifukwa MAME imadzigwira kuti gemu isathamange koposa. Kuti ndidziwe mphamvu yotsala ndimagwiritsa ntchito lamulo la -bench, mwachitsanzo mame tekken3 -bench 60. Likatero limayendetsa gemu kwa masekondi 60 a m'gemumo popanda chithunzi ndi mawu, pa liwiro lonse lomwe purosesa ingathe, kenaka n'kulemba avereji. Ubwino wa muyeso umenewu ndi wakuti khadi la zithunzi silitengako mbali. Ngati gemu yalephera kufika 100% pamenepa, palibe khadi lomwe lingaipulumutse. Tekken 3 inalephera. Ndinazula khadi latsopanolo, n'kuyezanso, mwiniwake akuona ndi maso ake, ndipo nambala inatuluka yofanana ndi yoyamba ija.

Ine sindikhutira ndi makina omwe pa -bench akungokhudza 100%. Avereji imabisa malo olemera, monga pomwe omenyana awiri atulutsa moto nthawi imodzi. Ndimafuna ipitirire patali, kuti Windows kapena kutentha zikadyako mphamvu, gemu isamve.

Chifukwa chomwe khadi ndi RAM sizinathandize

Mwini baraka anafunsa funso loyenera. Tekken 3 inatuluka mu 1997 pa bodi ya Namco yotchedwa System 12, yomwe ndi m'bale wake wa PlayStation yoyamba, ndipo purosesa yake imathamanga pa 48 MHz basi. Nanga kompyuta ya 1,800 MHz ilephera bwanji?

Purosesa ya m'bodi ya Namco ndi ya mtundu wa MIPS, pomwe ya m'kompyuta ndi ya x86. Malamulo a ina, inzake siiwamva. Emyuleta imayenera kutenga lamulo lililonse, kulizindikira, kuchita zomwe likunena pogwiritsa ntchito malamulo ambiri a x86, n'kuwerengeranso nthawi yomwe likanatenga pa makina enieni. Ndipo si purosesa imodzi yokha. Pa System 12 pali gawo lowerengera maonekedwe a 3D, tchipu chojambula, purosesa ina yaing'ono ya H8 yoyang'anira mawu ndi mabatani, komanso tchipu cha mawu cha C352. Pa bodi yeniyeni zonsezi zimagwira ntchito nthawi imodzi, chilichonse pachokha. Mu emyuleta zimayenera kudikirana ndi kupatsana mpata kambirimbiri pa sekondi kuti china chisatsogole chinzake.

Ndinawafotokozera ndi chitsanzo cha womasulira pa msonkhano wa boma. Mkulu akulankhula Chipwitikizi, womasulira akutembenuza chiganizo chilichonse m'Chichewa. Mutabweretsa omasulira 8 msonkhano sufulumira, chifukwa chiganizo chachiwiri sichingatuluke choyamba chisanathe. Chomwe chimafulumizitsa ndi womasulira mmodzi wakuthwa mutu. MAME imagwira ntchito yake yaikulu pa core imodzi. M'magemu ena a 3D imagawirako ma core ena ntchito yopaka zithunzi, koma mtolo weniweni umakhalabe pa imodzi. Pa mapurosesa ena, monga SH-2 ya mu Street Fighter III, MAME ili ndi njira yomasulira gulu la malamulo kamodzi n'kulisunga, ndipo izi zimapeputsa ntchito. Pa purosesa ya banja la PlayStation imamasulirabe lamulo ndi lamulo.

Za khadi la zithunzi nkhani yake ndi ya cholinga cha MAME. Pulogalamuyi anaiyamba Nicola Salmoria wa ku Italy mu 1997, ndipo omwe amaikonza amaika patsogolo kusunga molondola momwe makina akale ankagwirira ntchito. N'chifukwa chake ngakhale zithunzi za 3D imazijambula ndi purosesa, motsanzira tchipu chenicheni. Khadi limangolandira chithunzi chomalizidwa kale, n'kuchikulitsa kuti chidzaze sikirini, ndi kuwonjezera mizere yokongoletsa ngati mwini wafuna maonekedwe a TV zakale. Ntchito imeneyi ndi yopepuka.

RAM nayo siwonjezera liwiro ikakwana kale. Magemu aakulu kwambiri a Neo Geo, makina a King of Fighters ndi Metal Slug, sapitirira 100 MB. Makina omwe anali ndi 2 GB sankapanikizika ndi malo, choncho 4 GB inangokhala osagwira ntchito. Sindinawadzudzule achimwenewo. Malangizo omwe analandira ndi olondola pa magemu amakono a pa kompyuta, pomwe khadi ndiye mwini nkhani. Amene anawapatsa sanadziwe kuti emyuleta imayenda mwina.

Mnzawo wina anali atawalonjeza kompyuta ya AMD FX-8350 ya mu 2012, ma core 8 pa 4.0 GHz. Pa pepala imaoneka yamphamvu, ndipo pa ntchito yogawika monga kusintha mavidiyo imagwiradi. Koma pa core imodzi imatsalira kumbuyo kwa Core i3-4160 ya mu 2014, yomwe ili ndi ma core awiri okha pa 3.6 GHz. Nambala ya GHz imangonena kuti purosesa ikugunda kangati pa sekondi, sinena kuchuluka kwa ntchito yomwe imamaliza pa kugunda kumodzi, ndipo pamenepo mibadwo ya mapurosesa imasiyana kwambiri. Palinso nkhani ya magetsi: FX-8350 analembera mawati 125, i3-4160 mawati 54. Pa makina oyaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, kusiyanako kumaoneka pa Credelec, mita ya magetsi olipiriratu, komanso pa kutentha kwa mkati mwa bokosi.

Kabati yachiwiri: mavuto atatu osiyana

Apa purosesa sinali yolakwa kwenikweni. Neo Geo, makina a SNK a mu 1990, ili ndi Motorola 68000 ya 12 MHz ndi Z80 ya 4 MHz. CPS-1 ya Capcom, yomwe Street Fighter II inatulukirapo mu 1991, ndi ya banja lomwelo. Celeron N3060 ndi yofooka, koma izi imazinyamula. Pa -bench magemu onsewo anapitirira 100%. Komabe posewera, F11 inkaonetsa pafupifupi 84%, yokhazikika, osakwera osatsika, m'magemu onse a Neo Geo.

Nambala yokhazikika chotere imaloza kwina. Purosesa ikamalephera, liwiro limasinthasintha malinga ndi zomwe zikuchitika pa sikirini. Likaima malo amodzi, pali china chomwe chaligwira. Ndinatsegula makonzedwe a sikirini, n'kupeza kuti TV ndi laputopu zinagwirizana pa 50 Hz. Ma TV ogulitsidwa kuno amakonzedwera dongosolo la zithunzi 50 pa sekondi, mogwirizana ndi magetsi athu a 50 Hz, ndipo ena amapempha zimenezo akalumikizidwa ndi HDMI. Amene anaika MAME anayatsa makonzedwe omangirira liwiro la gemu ku liwiro la sikirini. Neo Geo ya arcade imatulutsa zithunzi pafupifupi 59.18 pa sekondi. Mukagawa 50 ndi 59.18 mupeza 84% yomwe ija. Nditasintha kukhala 60 Hz, nyimbo ya King of Fighters inabwerera m'malo mwake nthawi yomweyo.

Anzanga, pamenepa pali chinthu choti mudziwe, chifukwa makina a arcade sankatsatira muyeso umodzi. Pac-Man ya mu 1980 imapitirira 60 pang'ono. Neo Geo imaperewera pang'ono. Mortal Kombat ya Midway ya mu 1992 siifika n'komwe 55. Mukamangirira Neo Geo ku sikirini ya 60 Hz, imathamanga koposa ndi peresenti imodzi ndi theka osakwana, ndipo palibe wosewera amene angazindikire. Mukamangirira Mortal Kombat, imathamanga koposa ndi pafupifupi 10%, ndipo amene anaizolowera amadziwa pompopompo. Mukapanda kumangirira, liwiro limakhala lolondola koma chithunzi chimanjenjemera pang'ono chikamayenda cham'mbali. Ine ndinamangirira magemu a Neo Geo ndi a Capcom, Mortal Kombat ndinaipatsa makonzedwe akeake osamangirira.

Vuto lachiwiri linali la chibakera chochedwa chija, ndipo silinathe ndi 60 Hz. Limeneli F11 sililiona, chifukwa gemu ikuyenda pa liwiro lake, koma chithunzi chikufika m'maso mochedwa. Ndinaliyeza ndi foni yojambula zithunzi 240 pa sekondi: ndinajambula chala chikudina batani ndi sikirini pamodzi, n'kuwerenga zithunzi za pakati pa kudinako ndi kusuntha kwa womenya. Ndinabwereza ndi monita yakale ya mu ofesi, ya chingwe cha VGA. Kusiyana kunali kwa zithunzi zingapo za gemu. Chithunzi chimodzi pa 60 Hz chimatenga mamilisekondi 16.7, ndipo m'magemu omenyana kutchinga kapena kulumikiza nkhonya kumadalira zithunzi ziwiri kapena zitatu. TV yamakono imasunga chithunzi kaye, kuchiyeretsa ndi kuchisalaza, isanachionetse. Pa mpira kapena pa sewero palibe amene amadandaula. Pa King of Fighters ndi kuluza mametikali ako. TV imeneyi inali ndi makonzedwe a magemu, olembedwa Modo Jogo, ndipo nditayatsa kuchedwako kunachepa, koma sikunafike pa monita ija.

Ndinayang'ananso kabodi ka USB komwe mabatani amalumikizidwa. Kameneka kangawonjezere mamilisekondi angapo, koma poyerekeza ndi TV sikanali nkhani, ndiye ndinakasiya. Ndinangosintha maswitchi awiri a pansi pa mabatani omwe anali atatopa.

Vuto lachitatu ndi lomwe ndikufuna mulisunge, chifukwa likhoza kukugulitsani purosesa pachabe. Zonse zitakonzedwa, anyamata anati Metal Slug 2 ikuchedwabe, makamaka akamasewera awiri adani atachuluka. F11 inkaonetsa 100%. Kuchedwa kumeneko ndi kwa gemu yeniyeniyo. Metal Slug 2 ya mu 1998 inkachedwa chomwecho pa Neo Geo yeniyeni, ndipo emyuleta yolondola imatsanzira ndi kuchedwako komwe. Mu 1999 kunatuluka Metal Slug X, yomwe ndi gemu yomweyo yokonzedwanso, ndipo kuchedwako kunachepa kwambiri. Ngakhale mutaika purosesa yodula motani, Metal Slug 2 idzachedwa malo omwewo. Lamulo langa ndi lakuti F11 ikati 100% koma gemu ikuoneka yochedwa, musatsegule bokosi.

Kutentha ndi magetsi

Mwana wa mwini baraka, amene amakhala pa makinawo tsiku lonse, ananena chinthu chomwe bambo ake sananene. "Bambo mesitiri, m'mawa kabati yoyamba imakhalako bwino. Ikafika nthawi ya nkhomaliro ndiye imayamba." Mawu amenewa ndi a mtengo wapatali kwa wokonza, ndipo ndimalimbikitsa kufunsa amene amagwira makina, osati mwini ndalama yekha.

Ulongwe ndi kumtunda, sikutentha ngati mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, komwe miyezi imeneyi kumapitirira madigiri 40. Koma baraka ya malata mu Okutobala, ndi kompyuta yotsekeredwa m'bokosi la matabwa lopanda bowo, ndi nkhani ina. Nditatsegula ndinapeza fumbi la msika litamata zipsepse za choziziritsira purosesa, pasita wodutsitsa kutentha pakati pa purosesa ndi choziziritsiracho atauma n'kusanduka ufa, ndipo khadi latsopano lija likuwonjezera kutentha m'bokosi lomwe mpweya sutuluka. Purosesa ikatentha kufika pa malire ake imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ndicho chifukwa Street Fighter III inkagwira m'mawa n'kumalephera masana.

Ndinapukuta, ndinapaka pasita watsopano, ndipo kalipentala anaboola kabati iliyonse malo awiri: kumunsi kutsogolo kolowera mpweya, komwe tinaikako sefa ya neti yochapika, ndi kumwamba kumbuyo komwe tinamangako fani ya masentimita 12 yotulutsa mpweya wotentha. Kwa anzanga a kumunsi ku Zambezi, mabowo amenewa muziyamba nawo musanakambe za purosesa, chifukwa kumeneko purosesa yothamanga m'bokosi lotseka idzayenda pa liwiro la yofooka.

Chigayo cha pafupi chikayatsidwa, mababu a m'baraka amaphethira, ndipo kompyuta yakaleyo inkazima n'kuyakanso yokha. Bokosi lake la magetsi linali lopepuka m'manja, ndipo mkati makapasita awiri anali atatupa. Ndinalisintha, n'kuika sitabilaiza imodzi yodyetsa makabati onse. Batire laling'ono la pa bodi, CR2032, linali litafa, choncho makonzedwe a BIOS ankafufutika magetsi akapita. Ndinaika latsopano n'kuyatsa makonzedwe oti kompyuta iziyaka yokha magetsi akabwera, kuti mwanayo asamatsegule kabati.

Zomwe tinagula ndi momwe tinagawira

Tisanagule kanthu ndinawauza njira yosadula. Tekken 3 inatulukanso pa PlayStation mu 1998, ndipo maemyuleta a PlayStation ndi opepuka kwambiri kuposa MAME pa gemu imeneyi. Ikanayenda pa makina akale omwewo. Koma ya m'nyumbayi ilibe dongosolo la kulowetsa ndalama, wosewera akaluza amangopitiriza, ndipo pa baraka zimenezi zimabala mikangano. Anasankha ya arcade.

Tinagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito ya mu ofesi, ya Core i3-4160, RAM 8 GB ya timitengo tiwiri ta 4 GB. Timitengo tiwiri n'tofunika pano, chifukwa gawo la zithunzi la mkati mwa purosesa, HD 4400, limabwereka RAM yomweyo, ndipo njira ziwiri zimalipatsa mpata woposa njira imodzi. Pa -bench Tekken 3 inapitirira 100% ndi mpata wokwanira, ndipo posewera masana sinatsike. Iyi inalowa mu kabati yoyamba popanda khadi lililonse.

Pa makina omwewa ndinaikanso Marvel vs. Capcom 2 ya mu 2000, yomwe ndi ya bodi ya Sega NAOMI ya mu 1998, m'bale wake wa Dreamcast, yokhala ndi Hitachi SH-4 ya 200 MHz. Imeneyi sindinaiyese n'komwe pa MAME. Ndinagwiritsa ntchito Flycast, emyuleta yomwe imatumiza ntchito yojambula 3D ku gawo la zithunzi la kompyuta. Apa nkhani imatembenuka: pa Flycast, komanso pa Supermodel ya magemu a Sega Model 3, khadi limagwiradi ntchito. Pa kukula kwa chithunzi kwa NAOMI yeniyeni, 640 kwa 480, HD 4400 inakwanitsa. Amene akufuna kukulitsa chithunzicho kangapo ndi amene angafune khadi. Choncho funso loti "ndigule khadi?" silingayankhidwe musanadziwe gemu ndi emyuleta yake.

Kompyuta yakale ija inasamukira mu kabati yachiwiri. Bodi ya G31 imalandira Core 2 Duo E8400 ya mu 2008, ya 3.0 GHz, yomwe analembera mawati 65 chimodzimodzi E2160, ndipo ndinali nayo pa shelefu. Khadi lija linakhala momwemo ndipo linapeza ntchito, chifukwa gawo la zithunzi la pa bodi ya G31 ndi lakale kwambiri moti mapulogalamu amakono osankhira magemu salikonda. M'malo mwa MAME ndinaika FinalBurn Neo, yomwe imaseweretsa magemu a Neo Geo ndi a mabodi a Capcom, CPS-1, CPS-2 ndi CPS-3, mopepuka. Street Fighter III inayenda bwinobwino. TV ya mainchi 32 tinaichotsa, n'kuika monita ya mu ofesi ya mainchi 19. Mwiniwake anakayika chifukwa cha kuchepa kwake, koma magemu onsewa anapangidwira sikirini ya 4 kwa 3, ndipo pa TV yotambalala ankawatambasula mpaka omenyana kuoneka onenepa. TV ija tsopano ikuonetsa mpira kutsogolo kwa baraka, laputopu ikuimba nyimbo.

Makina onse awiri ndinawaika SSD ya 120 GB ndi Batocera, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yopangidwira magemu akale, m'malo mwa Windows. SSD siifulumizitsa gemu, chifukwa gemu ikalowa mu RAM disiki imapuma, kupatula magemu ochepa monga Killer Instinct ya mu 1994 omwe bodi yake yeniyeni inali ndi hadi disiki. Ndinaiika chifukwa imayaka msanga ndipo siiopa kugwedezeka, pakuti kabati yomwe anyamata awiri akumenyanirapo imagwedezeka ndithu. Batocera nayo ilibe mapulogalamu oyenda kumbuyo akudya core yomwe emyuleta ikudalira.

Wina angafunse chifukwa chomwe sindinaike MAME yakale, monga ya 0.78 ya mu 2003 yomwe anthu a timakompyuta tating'ono ta Raspberry Pi amakonda. Ndi yopepukadi, ndipo pa makina ofooka ofuna magemu a zaka za m'ma 1980 ndi Neo Geo imathandiza. Koma kupepukako kumabwera ndi zolakwika zomwe zinakonzedwa pambuyo pake, mafayilo a magemu ayenera kukhala ofanana ndi MAME ya nthawi imeneyo, ndipo Street Fighter III mulibe, chifukwa chitetezo cha bodi yake, CPS-3, chinamasulidwa mu 2007. Ndaona anzanga akunena kuti kompyuta yafa pomwe vuto ndi fayilo ya gemu yosagwirizana ndi MAME yomwe aika.

Nkhani ina ndinawauza poyera. MAME ndi yaulere, ndipo kuyambira 2016 ili pansi pa chilolezo cha GPL, cholola aliyense kuigwiritsa ntchito ndi kuigawa. Koma magemuwo ali ndi eni ake, Capcom, SNK, Sega, Bandai Namco, ndipo ufulu wa MAME sukhudza magemu. Amene akulipiritsa anthu ayenera kudziwa zimenezi. Mafayilo a magemu ndinawapeza kale m'makina awo, ine ntchito yanga inali ya zida ndi makonzedwe.

Nditabwerera tchuthi chitayamba, sefa za neti zinali zitagwira kale fumbi lambiri, ndipo ndinamuonetsa mwanayo kuchotsa ndi kuchapa kwake Loweruka lililonse. Kutentha kwa mapurosesa onse awiri masana kunali kutali ndi malire. Ndodo imodzi ya kabati yoyamba yayamba kulephera kugwira mbali ya pansi chakutsogolo, ndipo maswitchi ake tawaitanitsa kudzera ku Dedza.

Mwini baraka tsopano akufuna kabati yachitatu ya Daytona USA, ya chiwongolero ndi zopondera. Gemu imeneyo ndi ya Sega Model 2, bodi ya mu 1993 ya purosesa ya Intel i960 ndi matchipu ena angapo owerengera 3D, ndipo kuitsanzira pa emyuleta ndi ntchito yolemera. Tagwirizana kuti wogulitsa kompyuta alole tiiyese kaye ndi gemuyo m'sitolo mwake, nthawi ya masana, ndalama isanatuluke m'thumba.